Sinki ya Mutu wa Bwato

"Pofika Loweruka," anatero a Jailosi akugogoda kauntala ndi chala, "anthu a pa Chintheche pano azidzafola pakhomo panga kupempha kusamba m'manja. Ena azidzadzipaka dala matope kuti apezerepo chifukwa. Ndipo pulambala sapondamo m'nyumba mwanga. Manja ndi awa."

Anawatambasula manjawo kuti aliyense awaone. Anali manja abwino ndithu, osalala, manja a mlangizi wa zaumoyo amene ntchito yake yolemetsa kwambiri ndi kupachika sikelo ya ana pa nthambi ya mango.

Salimu, mwini sitolo ya misomali ndi mapaipi, anawayang'ana manjawo monga mmene munthu amayang'anira nsomba ya dzana.

"Achimwene, sinki ndi iyo apo. Yoyera, ya kabati yake, galasi pamwamba. Nyamulani, Noel pulambala akakuikireni, nkhani ithe."

"Imeneyo ili m'nyumba ya aliyense. Ine ndikufuna chinthu choti apongozi akachiona aiwale chimene abwerera."

Ndipo nkhani inagona pamenepo. Mkazi wawo, Phillis, anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, mwana woyamba. Mayi ake a Phillis, aNachisale a ku Dedza, anali ataimba foni kuti akubwera Loweruka kudzatenga mwana wawo akachirire kumudzi, ndipo adzabwerako khanda litayamba kukhala pansi. A Jailosi anawerenga miyeziyo pa zala, zala n'kutsala pang'ono kutha. Nthawi yonseyo okhaokha m'nyumba, kudziphikira zopserera, mwana wawo kumuonera pa foni ngati mpira wa kunja! Chipatala chili pompano, anamwino onse ndi anzawo a kuntchito. Koma aNachisale analibe mlandu ndi chipatala. Mlandu wawo unali ndi bafa.

Chaka chatha atabwera kudzacheza, anapeza sinki ya m'bafamo itatsamira nsungwi ngati nkhalamba, chifukwa zitsulo zoigwira kukhoma zinali zitadyedwa ndi dzimbiri. Kabati ya pansi pake inali ya matabwa a utuchi aja, ndipo chinyontho cha kunyanja kuno chinaitupitsa ngati buledi wogwera mu tiyi. Mayiwo anangoti atsegule aikemo sopo, chitseko cha kabati n'kutsalira m'manja mwawo, mphemvu n'kutuluka ndi mabanja awo. Anachiimika chitsekocho pakhoma bwinobwino, n'kukasamba kuseri ndi ndowa. A Jailosi, munthu woyenda midzi yonse kuphunzitsa anthu kusamba m'manja ndi sopo, akanakonda akanangotukwanidwa.

Ndiye Lamulungu lapitali Phillis anawanamiza mayi ake pa foni kuti bafa linakonzedwa kalekale. Iwo anayankha mwachidule: "Ndidzaona ndekha. Ngati muli mwabwino, ukhala. Ngati ndi muja, longedzeratu."

Nzeru ya chimene angachite a Jailosi anali nayo kale. Mwezi watha anapita ku maphunziro a tsiku limodzi pa loji ina ya m'mphepete mwa nyanja. Za maphunzirowo anaiwala zonse, kupatula nyama ya nkhuku ndi bafa. M'bafa mwa pa lojipo sinki yake sinali ya dothi loyera ayi. Unali mutu wa bwato, bwato lenileni la asodzi, lodulidwa, lopalidwa, lopakidwa vanishi, litakhala pa kabati, mpopi pamwamba. Anaona ndi maso awo mzungu wina akuijambula. Anasamba m'manja kanayi tsiku limenelo.

"Bwato?" anatero Salimu atamva. "M'nyumba? Nanga nkhafi zake mupalasira kuti, kuchipinda?"

"Nkhafi ndi yopachikapo thaulo. Iwe ingondipatsa mpopi, paipi, kasefa ka pansi ndi vanishi. Zinazo ndi za anthu oyendayenda."

Masana omwewo anatsika kudooko la kufupi ndi Bandawe kukafuna a Peterson. Mdala ameneyu, Mtonga weniweni, wakhala akusema ndi kumata mabwato kuyambira a Jailosi asanabadwe. Asodzi amati bwato likadutsa m'manja mwa a Peterson, madzi amangoliyang'ana panja. Anawapeza atakhala pamchenga, chitini cha phula chili pamoto, akukhomerera chiguduli m'mng'alu wa bwato la munthu.

"Ada Peterson, ndikufuna bwato lakufa."

"Lakufa? Kuno timafuna lamoyo, ada."

"Mutu wake wokha. Kuyambira apa kufika apa." Anayeza ndi mkono.

"Mukamwetseremo nkhumba?"

"Ndikaika m'nyumba. Anthu azisambamo m'manja."

A Peterson anaika nyundo pansi. Anawayang'ana a Jailosi, anayang'ana nyanja imene inali yodzaza madzi osambamo m'manja kufika ku Mozambiki, n'kuwayang'ananso a Jailosi. Koma mdalayu anali ataona zambiri za anthu ogwira ntchito m'boma, ndipo anaphunzira kusafunsa. Anawatengera pa bwato lina lakale logona chafufumimba pansi pa mtengo, n'kulidula mutu ndi sowo.

"Mtengo uwu ndi wabwino," anatero akulisisita. "Linandidyetsa zaka zambiri ili. Musalichititse manyazi."

A Jailosi anaukweza mutuwo pa wilibala pamodzi ndi nkhafi yake yakale, n'kuyamba kukankha kulowera kumtunda. Njira yonse anthu sanawasiye. Amayi ogulitsa usipa anaimirira kuti aone bwino. Wa kabaza wina anabwerera dala.

"Adokotala! Nyanja ili uku, mwasochera!"

"Mvula ya Nowa yalengezedwa pa wailesi kodi? Tiuzeni nafe!"

Iwo ankangogwedeza mutu ngati phungu wopita kukatsegula mlatho. Thukuta linali kamukamu, wilibala ikulira ngati mwana wa mbuzi, koma mumtima ankaona kale nkhope ya apongozi.

Phillis anawalandira pakhonde, dzanja lili m'chiuno.

"Abambo, ndimati mwapita kukagula sinki."

"Ndi imeneyi."

"Ikununkha usipa."

"Ndi fungo la mbiri yake. Vanishi athana nalo."

Phillis anaseka mpaka kugwira mimba, kenako anasiya kuseka. "Inu, mukudziwa kuti amayi sachita nthabwala? Ine ku Dedza sindikufuna. Kuzizira kuja, ndi mimba iyi?"

"Sukupita kulikonse. Ukhulupirire manja awa."

Lachiwiri anagwetsa sinki yakale. Sinali ntchito. Anangochotsa nsungwi ija, sinki n'kudzigwetsa yokha, phwaa! ngati inkangodikira chilolezo. Kabati anaitulutsa ndi fosholo. Paipi ya kukhoma anaimasula osatseka n'komwe kumita, ndipo silinatuluke dontho, chifukwa madzi anali atasiya Lolemba, monga amachitira kuno akafuna kupuma. A Jailosi anaona kuti kumwamba kwavomereza ntchito yawo.

Lachitatu anakhoma kabati yatsopano ya matabwa enieni. Mwendo umodzi unafupika, anadula inayo itatu. Wina unafupikanso, anadulanso. Phillis anawauza kuti akapitiriza, anthu azisamba m'manja atagwada ngati akupemphera, ndiye anasiya, n'kuikira kachidutswa ka patapata pansi pa mwendo wovutawo. Chala chachikulu chinalawa nyundo kawiri, ndipo mawu amene anatuluka pamenepo sali m'buku la nyimbo la mpingo wawo.

Lachinayi ndiye linali tsiku la luso. Anapala mutu wa bwato uja ndi sandipepala mpaka unasalala ngati tsaya la mwana. Anabwereka chobowolera kwa Salimu n'kuboola chibowo pansi pake, pakati penipeni, potulukira madzi. Anaikapo kasefa kachitsulo konyezimira, kunsi n'kulumikiza paipi yodutsa pakhoma kukathera pa nthochi za kuseri. Anamanga mpopi. Nkhafi anaikhomera kukhoma, thaulo n'kupachikapo. Anapaka vanishi katatu. Atatha anaima pakhomo la bafa manja ali kumbuyo, ndipo kunena zoona, abale, chinthucho chinali chokongola. Ngakhale Phillis anangoti, "Hii!"

Koma Lachisanu m'mawa Phillis yemweyo anawaitana.

"Abambo, tabwerani. Taweramani apa. Mukuona chiyani?"

A Jailosi anawerama. Kudzera m'mbali mwa bwatolo ankaona kuwala kwa pawindo. Ming'alu itatu, yopyapyala ngati ulusi, koma ming'alu ndithu. Bwato silifa popanda chifukwa.

Tsiku limenelo anali ndi sikelo ya ana kumudzi wina wa kumtunda, ndipo amayi makumi angapo ankawadikira. Anatumiza mawu kudooko, n'kumuuza Phillis kuti a Peterson akabwera awaonetse ming'aluyo amate. Anakwera njinga mtima uli m'bafa. Tsiku lonse ankayeza ana akuganiza za phula, moti mwana wina anamuyeza kawiri, mayi ake n'kudabwa kuti wanenepa pa mphindi zisanu.

Pobwerera masana anapeza a Peterson atapita kale. Ntchito yawo inali yooneka: mizere itatu yakuda, yowongoka, yosalala, ngati yojambula dala. Kasefa kanali pamalo pake, kakunyezimira kuposa dzulo.

"Anakhalitsa," anatero Phillis. "Ndimangomva kukhoma ndi kung'ung'udza m'Chitonga. Potuluka anati tisathiremo madzi mpaka mawa, phula ligwire."

Salimu anatseka sitolo msanga kuti adzaone. Analowa m'bafa akuseka kale, koma atachiona chinthucho kuseka kunachepa. Anachizungulira, anagogoda kabati, anasuzumira kunsi.

"Ayi, achimwene, ndagonja. Koma mwayesa?"

"Madzi kulibe."

"Ndowa ilipo. Mawa m'mamawa thiranimo ndowa imodzi muone mmene akuyendera."

"Salimu, kuyesa n'kwa anthu okayika. Madzi oyamba kulowa umu adzalowa apongozi akuona. Kodi mlatho amautsegula kawiri?"

Loweruka linafika. ANachisale anatsika minibasi cha m'ma teni, atanyamula thumba la mbatata ya kachewere ndi chikwama chachikulu chopanda kanthu. Chikwamacho a Jailosi anachiona, ndipo anadziwa ntchito yake.

Tsono aNachisale ndi mayi wa mwambo. Kwa iwo mkamwini sakhala mpando woyandikana ndi apongozi ake, sawayang'ana m'maso, sadya iwo akuona, ndipo akakumana pakhomo mmodzi amapatuka. Choncho a Jailosi, amene pa sitolo ya Salimu amayankhula ngati wailesi, ananjuta pakona ya pabalaza, maso pa simenti, akuomba m'manja mofatsa.

"Mwayenda bwanji, amayi?"

"Tayenda bwino. Phillis, afunse abambowo ngati ali bwino."

"Ali bwino, amayi, mwawamva."

"Chabwino. Tiyeni tikaone bafalo tisanamwe tiyi."

Analowa awiri, mayi ndi mwana. A Jailosi anatsalira m'khonde la m'kati, khutu lili tcheru. Kenako anamva mawu a apongozi, otsika.

"Phillis, ichi si bwato?"

"Ndi bwato, amayi. Ndi mmene akupangira masiku ano m'malo ogona azungu."

Anamva chitseko cha kabati chikutsegulidwa, chikutsekedwa, chikutsegulidwanso. Sichinatsalire m'manja mwa munthu. Anamva mpopi ukupotokolodwa, n'kungotulutsa mpweya, fyuu.

"Madzi anasiya Lolemba, amayi," anatero a Jailosi akuuza khoma. "Ingousiyani chotsegula, akabwera timve. Ndi mmene timachitira kuno."

ANachisale anatuluka, a Jailosi n'kudziphatika kukhoma ngati buluzi kuti adutse. Pankhope pa mayiwo panalibe kumwetulira, koma analinso asananene za kulongedza. Anakhala pamkeka, anavula mapatapata n'kuwaika pambali, analandira tiyi.

"Phillis, awuze abambowo kuti matabwa a kabatiwo ndi olimba."

A Jailosi anamva ngati awaveka mendulo. Ali chinjutire pakona paja, phazi lawo linayamba kuvina lokha.

Posakhalitsa kunja kunamveka odi. Anali a Peterson, atavala jekete la kutchalitchi, atanyamula nsomba ziwiri zazikulu za mlendo. Kumbuyo kwawo kunali Salimu, amene anati amangodutsa, ngakhale njira ya kwawo sidutsa kumeneko. Anapatsana moni, a Peterson akuti "yewu, yewu, ama," aNachisale akuyamikira nsombazo. Ndipo macheza ali m'kati, m'bafa munamveka kutsokomola. Kho! Kho-kho! Fyuu! Kenako chuuuu.

"Madzi!" anakuwa Phillis, akufuna kudzuka. "Ndikatseke."

"Khala pansi, mayi," anatero a Jailosi, ndipo ulemu wa pakona uja unayamba kuwathawa. "Asiye ayende, ayambe atsuka matope a m'mapaipi. Amayi, mukuwamva? Akugwera m'bwato, akulowa pa kasefa, akutsata paipi, akudutsa khoma, akukathirira nthochi kuseri. Palibe dontho lotayika. Mwezi wa mawa nthochi zimenezo mudzazikana kukula. Zonsezi popanda pulambala."

"Popanda pulambala," anavomereza Salimu, akuyang'ana kudenga.

"Ena amati ndigule ya m'sitolo. Ndinati ayi. Mwana wanga akadzabadwa adzasambitsidwa m'chinthu chimene bambo ake anapanga ndi manja. Ndipotu ndikuganiza zoti kukhitchini nako..."

Sanamalize, chifukwa anaona patapata la apongozi likuyenda.

Linkayenda lokha, pang'onopang'ono, mwaulemu, kuchoka pamkeka kulowera kukhomo. Linzake linanyamuka kulitsatira. Pansi pa mapatapatawo panali madzi, ndipo madziwo ankachokera m'khonde la m'kati, atatambasuka bwinobwino ngati alendo oitanidwa. ANachisale anakweza kapu ya tiyi m'mwamba, mkeka uli nowenowe pansi pawo.

A Jailosi anaiwala mwambo wonse. Anadumpha miyendo ya apongozi awo, chinthu chimene mkamwini wa ku Dedza sanachitepo chiyambire dziko, n'kuthamangira kubafa, anthu onse pambuyo.

Bwato linali lodzaza ndendende. Madzi ankasefukira mbali zonse, kutsika pa kabati, kuyenda pa simenti. Sopo ankayandama pakati ngati msodzi wopanda nkhawa. A Jailosi anatseka mpopi, anapisa mkono mpaka m'chigongono, anatokosa kasefa ndi chala. Madzi anangoti duu. Anagwada, anatsegula kabati, anagwira paipi ya kunsi. Inali youma gwa.

"Paipi yatsekeka!" anatero. "Salimu, wandigulitsa paipi yotseka!"

"Paipi yanga ine ndi yoboola mbali zonse ziwiri, achimwene. Munasuzumiramo nokha."

Apo a Peterson anadzipanikiza pakhomo, madzi ali m'akakolo, thalauza atapinda. Anayang'ana bwato lodzazalo, anawerama, anasisita kunsi kwake ndi chikhatho, n'kuchionetsa kwa anthu onse. Chinali chouma. Nkhope ya mdalayo inawala ngati ya munthu amene mwana wake wakhoza mayeso.

"Mwaona, ada? Ngakhale dontho."

"Ada Peterson," anatero a Jailosi ndi mawu ang'ono, "munachita chiyani umu?"

"Ming'alu itatu ija sinali kanthu, ntchito ya mphindi khumi. Koma nditayang'anitsitsa ndinapeza chibowo pansi penipeni. Chibowo, ada, cholowa zala zitatu! Ndipo munthu wina wosadziwa ntchito anayesa kuchitseka ndi kachitsulo." Anapukusa mutu mwachisoni. "Kachitsulo kake kobookabooka. Ndinaseka ndekha. Ndinakachotsa, ndinasema chitsekero cha mtengo, ndinakhomera ndi chiguduli, phula pamwamba, phula pansi. Kachitsulo kanu ndinakabwezerapo, poti ndinaona kuti mumakakonda. Ili mukhoza kupita nalo ku Likoma lero lomwe."

Salimu anatuluka panja. Ankamveka ali kuseri kwa nyumba, pa nthochi zouma zija, akulira ndi kuseka ngati wamenyedwa. Phillis anaphimba kumaso ndi chitenje, mapewa akugwedezeka, osadziwika ngati akuseka kapena akuganiza za kuzizira kwa ku Dedza.

A Jailosi anali chigwadire m'madzi, mkono ukudontha, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirire anawayang'ana apongozi awo m'maso. ANachisale anali ataima pakhomo opanda nsapato, kapu ya tiyi ikadali m'manja. Anayang'ana bwato, anayang'ana nkhafi ya thaulo, anayang'ana mkamwini wawo. Anamwa tiyi pang'ono.

"Phillis, chikwama chija ukachiike pamwamba, chinganyowe. Sukupita ku Dedza."

A Jailosi anayamba kuomba m'manja, madzi akuthovukira uku ndi uku.

"Munthu uyu sangasiyidwe yekha m'nyumba miyezi yonseyo, tidzapeza wamira. Ndikhala ndine konkuno mpaka mwana ayambe kuyenda. Awuze abambowo anditolere mapatapata anga, afika kumsewu."